Soya ndi utsi: zoyenera kuchita pakhomo masamba akayamba kupsa nthawi isanakwane

Masamba a soya akayamba kufiira nyemba zisanakhwime, ambiri timathamangira kwa wogulitsa mankhwala. Kawirikawiri sitikhala titalakwa, chifukwa chiwawu ndicho chimawononga soya wambiri m'Malawi muno, ndipo amene analima m'nyengo ya 2022/2023 sanaiwale mmene minda inapsera. Koma kulinso kupsa kwina kumene mankhwala sangachize ngakhale mutapopera kasanu, chifukwa gwero lake ndi mpweya umene mbewuyo ikupuma. Banja lodziwa kusiyanitsa kupsa kuwiriku silitaya ndalama pa botolo losafunika, komanso silichedwa kupopera pamene kupopera kukufunikadi.

Wina anganene kuti nkhani ya mpweya woipa ndi ya ku Makata kapena ku Kanengo kumene kuli mafakitale, osati ya kuno ku Neno. Koma taimani pa Zalewa mwezi wa Okutobala muyang'ane chakumapiri. Mapiriwo saoneka bwino chifukwa cha utsi. Pali wa tchire lotenthedwa posaka mbewa kapena pososa, pali wa mauvuni a makala amene matumba ake andandalikidwa m'mbali mwa msewu, pali wa mauvuni a njerwa. Malole a pa M1 ndi a pa msewu wa ku Mwanza amawonjezera wawo, ndipo sitima zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala zimadutsa m'boma lomwe lino. Utsi wina si wathu n'komwe, umabwera ndi mphepo kuchokera ku Mozambique, ku Zambia ndi kupitirira apo. M'chaka cha 2000 asayansi a mayiko ambiri anachita kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000, akuyeza utsi wa chigawo chino cha Africa ndi ndege komanso zibaluni. Zibaluni zimene anaulutsa ku Lusaka mu Seputembala chaka chimenecho zinapeza mpweya woipa wochuluka, wina wobadwira pomwepo, wina wochokera kutali.

Chimene chimachitika mkati mwa tsamba

Utsi wooneka ndi maso si umene umavulaza mbewu kwambiri. Moto uliwonse, kaya wa tchire kaya wa mu injini, umatulutsa mipweya ingapo yosaoneka. Mipweyayi ikakumana m'mlengalenga dzuwa likuswa mtengo, imabala mpweya wina wotchedwa ozoni. Ozoni akakhala kutali kumwamba amatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa, koma akakhala pansi pano ndi poizoni kwa mapapo athu ndi kwa masamba omwe. Sabadwira pamoto pomwepo. Amapangika utsi uli pa ulendo, n'chifukwa chake munda wa kwa Dambe, umene suona galimoto tsiku lonse, ungalandire ozoni wa moto woyaka kutsidya kwa malire. Akatswiri amati mbewu zosalimba zimayamba kuvutika ozoni akamapitirira magawo 40 pa magawo biliyoni imodzi a mpweya kwa maola ambiri a masana, ndipo soya ali m'gulu la mbewu zosalimbazo pamodzi ndi nyemba ndi tirigu.

Tsamba lili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, makamaka kunsi kwake. Timatseguka masana kuti mbewu ilowetse mpweya wopangira chakudya. Ozoni amalowera momwemo. Akafika m'chinyezi cha mkati mwa tsamba amasweka n'kukhala tizidutswa taukali ta okosijeni, timene timawotcha minofu ya tsambalo.

Apa ndi pamene maenzayimu amagwira ntchito. Mayi aliyense amene anaphikapo thobwa amawadziwa ngakhale dzinalo sanalimvepo. Phala lolimba mukalithira chimera limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, ndipo chachita zimenezo ndi maenzayimu a m'chimera, amene amaphwanya ufa kuti usanduke shuga. Mayi yemweyo amadziwanso kuti chimera sathira phala lili chiwirire pamoto, amayamba walipozetsa, chifukwa kutentha kopyola muyeso kumawapha. Tsamba la soya lili ndi maenzayimu akeake, iliyonse ndi ntchito yake. Choyamba kukumana ndi ozoni ndi vitamini C amene ali m'madzi a tsamba. Tizidutswa taukali timene tapyola pamenepo timagwidwa ndi enzayimu yotchedwa superoxide dismutase, imene imatisandutsa hydrogen peroxide. Nayenso ndi woopsa akachuluka, choncho catalase ndi peroxidase amamuphwanya kuti atsale madzi. Ina, glutathione reductase, imathandiza kubwezera vitamini C uja mphamvu kuti agwirenso ntchito.

Chitetezo chonsechi chimadya shuga, ndipo shugayo ndi yemwe uja akanapita ku nyemba. Nkhondo ikapitirira masiku ambiri, Rubisco, enzayimu imene imagwira mpweya kuti tsamba lipange chakudya, imayamba kuchepa. Tsamba limakalamba msanga n'kuyoyoka. Mizu imalandira chakudya chochepa, ndipo timibulu ta ku mizu, m'mene mumakhala tizilombo topanga chonde, timafooka. Pokolola mumapeza makoko ochepa ndi njere zazing'ono zosalemera pa sikelo. Chodandaulitsa n'chakuti zokolola zingatsike ngakhale masamba asanaonetse banga lililonse. Kafukufuku wa m'chaka cha 2018, amene anatsogolera Gina Mills wa ku Britain, anapeza kuti pa dziko lonse ozoni amachotsa pafupifupi matumba 12 pa matumba 100 alionse a soya, 7 pa tirigu, 6 pa chimanga ndi 4 pa mpunga.

Mitundu ya soya sipirira mofanana. Ku Maryland, m'dziko la America, anayerekeza mitundu iwiri, Essex ndi Forrest, pa mpweya umodzimodzi. Essex anataya zokolola zochepa, ndipo atayeza masamba ake anapeza kuti maenzayimu oteteza aja amagwira ntchito mwamphamvu kuposa a Forrest. Mtundu wina wakale wa ku Sweden, Fiskeby III, umadziwika ndi kupirira ozoni, ndipo obereketsa mbewu amaugwiritsa ntchito pofuna kulimbitsa mitundu ina. Maenzayimu okha si nkhani yonse. Mtundu umene umatsegula kwambiri timabowo ta masamba umameza ozoni wambiri, ndipo kafukufuku wa m'chaka cha 2016 anasonyeza kuti mitundu yatsopano yobereka kwambiri imakonda kuvulala kuposa yakale. Izi sizikutanthauza kuti tisiye mbewu zamakono. Zikutanthauza kuti kupirira utsi ndi khalidwe la mtundu, lofunika kuliyang'ana monga timayang'anira kukhwima msanga kapena kusaphulika kwa makoko.

Yambani ndi kutembenuza tsamba

Pitani kumunda m'mawa mame atangouma, mutatenga pepala loyera kapena kansalu koyera. Thyolani masamba angapo m'malo osiyanasiyana, ena a kunsi kwa mbewu, ena a pakati, ena a kunsonga. Tsamba lililonse muliyang'ane pamwamba, kenako mulitembenuze.

Chiwawu chimaoneka bwino kunsi kwa tsamba. Mudzaona timadontho tofiirira kapena totuwa, totukuka pang'ono, ndipo mukakhula pa pepala pamatsala fumbi lofiirira. Chimayambira masamba a pansi kukwera m'mwamba, kawirikawiri soya atachita maluwa, ndipo chimakonda nyengo ya mvula yamvumbi ndi nkhungu, monga imene imagwa kumtunda kwa Neno. Ngati mukukayika, ikani masambawo m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi kansalu konyowa, mumange, musiye pamthunzi mpaka mawa. Ngati ndi chiwawu, timadontho tija tidzakhala titatulutsa fumbi looneka bwino. Kamera ya foni ikakulitsa chithunzi imathandiza kwambiri pamenepa. Mukatsimikiza kuti ndi chiwawu musagone, pitani kwa alangizi tsiku lomwelo akuuzeni mankhwala oyenera ndi mlingo wake, chifukwa matendawa amatha munda m'masabata ochepa.

Kupsa kwa ozoni n'kosiyana. Kumakhala pamwamba pa tsamba, kunsi kuli koyera bwino. Ndi timadontho tating'ono kwambiri, tothithikana, tofiirira kapena toderako, topezeka pakati pa mitsempha, mitsemphayo ili yobiriwirabe. Sitituluka fumbi, ndipo mukasisita ndi chala simumva kutukuka. Timayambira masamba okhwima amene amaona dzuwa, ansonga ali bwinobwino. Chizindikiro chodalirika kwambiri ndi ichi: pezani tsamba limene linaphimbidwa mbali imodzi ndi linzake. Ngati mbali yophimbidwayo ili yobiriwira, ndipo malire a kupsako akutsatira m'mphepete mwa tsamba lophimbalo, mpweya ndiwo wachita. Yang'ananinso mbewu zoyandikana. Chiwawu cha soya sichigwira fodya kapena mbatatesi, koma ozoni amazigwira nazonso. Mukaona timadontho tofanana pa nyemba, pa mavwende kapena pa mbatatesi sabata yomweyo, ndiye kuti vuto ladzera mumlengalenga.

Pali zina zimene zimasokoneza. Akangaude ofiira amasiya timadontho toyera kapena tachikasu, koma kunsi kwa tsamba mudzapeza ulusi wawo, ndipo mukagwedeza tsambalo pa pepala loyera mudzaona tizilombo tikuyenda. Iwowa amachuluka kukatentha ndi kuuma, makamaka pa mbewu za fumbi za m'mbali mwa msewu. Kusowa kwa potaziyamu kumayambira m'mphepete mwa masamba a pansi, amachita chikasu kenako kuuma. Palinso matenda ena a nkhungu amene amafiiritsa masamba a pamwamba penipeni n'kuwalimbitsa, kenako n'kusiya banga la pepo pa njere. Amenewa amayambira kunsonga, osati pakati. Ndipo utsi wamphamvu wochokera pa uvuni woyandikana, makamaka ngati akuwotcha ndi malasha, umawaula tsamba mbali zonse ziwiri, pakati pa mitsempha pamayera n'kuuma. Kuwauka kotere kumakhala kwakukulu mbali imene yayang'ana uvuniwo, n'kumachepa mukamalowa mkati mwa munda.

Ndinene mosabisa: m'dzinja, mukapeza soya akupsa, nthawi zambiri chimakhala chiwawu. Musagwiritse ntchito nkhani ya utsiyi ngati chifukwa chozengerezera kupopera. Koma mukatembenuza masamba makumi awiri osapeza fumbi, ulusi kapena kachilombo, bwezani ndalamayo m'thumba. Palibe mankhwala a m'sitolo amene angabweze tsamba lowauka ndi mpweya.

Nthawi yobzala ndiyo chitetezo chachikulu

Mwayi wathu ndi wakuti soya wa dzinja amakula nthawi imene mpweya uli bwino. M'chigawo chino cha Africa ozoni amachuluka kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, pamene tchire likupsa ndipo mitambo kulibe. Mvula ikakhazikika moto umazima, mitambo imaphimba dzuwa, ozoni amatsika. Choncho bzalani ndi mvula yokhazikika ya mu Disembala, nthaka itanyowa mokwanira, kuti maluwa ndi kudzaza kwa makoko zichitike mu Febuluwale ndi Malichi. Nthawi ya maluwa mpaka njere kukhwima ndi imene soya amavulala kwambiri. Akadali wamng'ono amatha kuphukanso masamba ena n'kuchira.

Amene ali pangozi yeniyeni ndi a mthirira ndi a madimba, m'mbali mwa Lisungwi, Mkulumadzi ndi Shire. Soya kapena nyemba zobzalidwa mu Julayi kapena Ogasiti zimachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala, utsi uli pachimake. Kuwonjezera apo, mbewu yothiriridwa bwino imatsegula timabowo take tsiku lonse, ndiye imameza ozoni wambiri kuposa ya pouma. Ngati muli kumunsi kotentha, monga ku Lisungwi kapena ku Matope, bzalani mvula ikangotha, mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, kuti pofika Ogasiti njere zikhale zitalimba. Kumtunda, kwa Dambe ndi ku Nsambe, chisanu cha Juni ndi Julayi chimapinimbiritsa soya, choncho kumeneko ndi bwino kumusiyira dzinja, dimba likhale la mbewu zokonda kuzizira.

Pa kathiriridwe, anthu ena akamva kuti madzi amatsegula timabowo amaganiza zoumitsa mbewu dala. Musatero. Ludzu la nthawi ya maluwa limagwetsa maluwawo ndipo limawononga kuposa ozoni. Chofunika ndi kusathira mopyola muyeso. Thirirani madzulo kapena m'mamawa, madzi okwanira kunyowetsa mizu, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu kapena mapesi kuti chinyezi chikhalitse.

Uvuni, msewu ndi mphepo

Moto wa tchire umazima mvula ikagwa, koma uvuni wa makala suzima. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ufa ukatha m'nyumba, mabanja ambiri amadalira makala kuti agule chimanga, ndipo imeneyo ndi nthawi yomwe soya ali pa maluwa. Sindikulemba izi kuti ndinyoze aliyense. Munthu saotcha makala chifukwa chokonda utsi. Koma uvuni umafuka masiku ambiri usana ndi usiku, ndipo ukakhala pafupi ndi munda, banja limodzimodzilo limapeza ndalama ku makala n'kuitaya ku soya.

Musanasankhe malo a soya, khalani masiku angapo mukuona kumene utsi wa pamudzi umalowera. Muone m'mawa, masana ndi madzulo, chifukwa mphepo imasintha. Usiku mpweya wozizira umatsika m'mapiri n'kukhazikika m'zigwa, ndipo utsi umatsika nawo. Munda wa m'khwawa umene uli kunsi kwa uvuni umagona mu utsi mpaka dzuwa litakwera. Ngati muli ndi minda iwiri, ikani soya ndi nyemba kumene mphepo imachokera, ndipo kumene utsi umapita muikeko mapira, mawere kapena chimanga, zimene zimapirira kuposa soya. Ngati uvuni ndi wanu kapena wa mbale wanu, kambiranani kuti uikidwe kutali, mbali imene mphepo idzauluzira utsi kutchire osati kumunda. Njerwa ziotchedwe m'chilimwe soya atachoka m'munda, ndipo wa dimba loyandikana auzidwe tsiku loyatsa.

Fumbi la msewu ndi nkhani ina. Limakuta tsamba, limatchinga kuwala, limatseka timabowo, komanso limaitana akangaude ofiira. Mizere ingapo ya nsenjere, vetiva, nandolo kapena gilisidiya m'mbali mwa msewu imagwira fumbi lambiri lisanafike pa soya. Musiye mpata kuti mthunzi wake usagwere mizere yoyamba. Dziwani kuti mpanda wotere umagwira fumbi ndi mwaye basi, ozoni amadutsa. Pa dimba, masamba a fumbi mungawatsuke ndi kheni m'mawa kuti aume msanga, chifukwa tsamba logona lonyowa limaitana chiwawu.

Dyetsani mizu kuti tsamba lidziteteze

Maenzayimu amapangidwa ndi nayitrojeni, ndipo soya amapeza nayitrojeni wake wambiri kuchokera ku timibulu ta ku mizu. Mbewu yanjala ilibe chopangira chitetezo. Choncho pakani mbewu inokulanti, monga Nitrofix amene amapezeka m'masitolo a zipangizo za ulimi. Sakanizani pamthunzi ndipo mubzale tsiku lomwelo, chifukwa dzuwa limapha tizilombo tabwinoto. Paketi imene yakhala padzuwa pa shelefu kapena yapitirira tsiku lake musagule. Pa mzere wotalikirana masentimita 75 ndi unzake, bzalani mizere iwiri, njere imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 5. Soya wothithikana bwino amaphimba nthaka msanga, udzu umagonja, chinyezi chimasungika.

Soya amafuna fosiforasi kuti timibulu tipangike. Manyowa owola bwino, kapena feteleza wokulitsa pang'ono monga alangizi angakuuzeni, amathandiza. Yureya wambiri ndi wosafunika, chifukwa mbewu ikapeza nayitrojeni waulere imaleka kupanga timibulu. Maluwa akamayamba, kumbani mbewu zitatu kapena zinayi ndi khasu, musazule ndi manja poopa kudula timibuluto. Tsukani mizu, dulani kambulu ndi chikhadabo kapena lezala. Mkati mukakhala mofiira, enzayimu ya nitrogenase ikugwira ntchito yotenga nayitrojeni mu mpweya. Mukakhala moyera, kambuluko n'kakang'ono kapena sikakugwira ntchito. Mukakhala mobiriwira kapena moderako, kafa. Yerekezani mbewu za pafupi ndi utsi ndi za kutali, mungadabwe ndi kusiyana kwake.

Yesani mitundu m'munda mwanu

Paketi ya mbewu imanena za masiku okhwimira ndi zokolola, za utsi sinena. Yankho la funsoli lili m'munda mwanu, ndipo kuliyesa sikufuna ndalama zambiri. Mitundu yopezeka m'Malawi muno ndi monga Tikolore, amene anatulutsidwa m'chaka cha 2011 ndi bungwe la IITA mogwirizana ndi nthambi ya boma ya kafukufuku wa zaulimi, Makwacha, Nasoko, Chitedze 4, ndi Serenade wa kampani ya Seed Co. Tikolore amakhwima msanga ndipo amatha kupanga timibulu ndi tizilombo topezeka kale m'nthaka, n'chifukwa chake amayenera malo a mvula yochepa, koma chiwawu chimamugwira, ndiye amafuna diso. Makwacha ndi Nasoko ali ndi njere zokulirapo ndipo amakhalitsa pang'ono m'munda.

Sankhani mitundu iwiri kapena itatu. Bzalani moyandikana, mizere inayi kapena isanu ya mtundu uliwonse, yotalika mofanana, tsiku limodzi, manyowa ofanana, kupalira tsiku limodzi. Khomani chikhomo cholemba dzina la mtundu, chifukwa pofika Malichi aliyense pakhomo amakhala akukumbukira zosiyana. Kenako bwerezani zomwezo pa malo achiwiri. Amodzi akhale kumene utsi kapena fumbi limafika, ena kumene kuli bata. Kubwerezaku ndi kumene kumapereka yankho, chifukwa mtundu ukachita bwino pa malo amodzi okha mwina ndi chulu chakale chauthandiza. Chimene mukufuna kuona ndi mtundu umene watsika pang'ono pochoka pa malo abwino kupita pa malo a utsi.

Mwana wa sukulu apatsidwe kope. Sabata iliyonse alembe tsiku, mtundu umene masamba ake ayamba madontho, pamwamba kapena kunsi, komanso ngati sabata imeneyo kunali utsi wambiri. Alembenso tsiku limene mtundu uliwonse wayamba kuyoyola masamba. Pokolola tengani mizere yapakati yokha, punthani mtundu uliwonse paokha, muyeze pa sikelo imodzi. Kenako dzazani kapu imodzimodzi ndi njere za mtundu umodzi, za ku utsi ndi za ku bata, muwerenge. Kapu imene mwalowa njere zambiri ndiyo ya njere zonyala. Chaka chimodzi sichikwanira kugamula, chifukwa mvula imasiyana. Mabanja anayi kapena asanu a m'kalabu imodzi akachita zimenezi zaka ziwiri kapena zitatu, amakhala ndi umboni umene angaonetse alangizi a ku EPA ya Neno kapena ya Lisungwi. Makope otere angadzakhale ofunika pa zinanso. Kwa zaka zambiri pakhala mapulani omanga malo opangira magetsi ndi malasha pa Kam'mwamba, ndipo mudzi umene unalemba zokolola zake kale umakhala ndi polankhulira mpweya ukadzasintha.

Mukakolola

Mapesi a soya musatenthe. Moto umauluza nayitrojeni ndi salifa amene mbewuyo inasonkhanitsa, n'kusiya phulusa limene mphepo imatenga, ndipo utsi wake umakagwera dimba la mnzanu. Makoko ndi masamba a soya ndi chakudya chabwino cha mbuzi ndi ng'ombe m'chilimwe. Otsala apite pa mulu wa kompositi kapena agone m'munda. Lambulani njira yotchinga moto mozungulira munda udzu usanaumitsitse, mu Meyi kapena Juni, chifukwa mapesi ophimbira nthaka ndi amene moto wa osaka mbewa umayambira kudya.

Mbewu ya chaka chamawa musaipachike pamwamba pa moto m'khitchini monga tinazolowera ndi chimanga. Njere ya soya ili ndi mafuta ambiri ndipo kutentha kumaipha msanga. Yanikani pa mkeka kapena pa lona, osati pa malata otentha, ndipo popuntha musamenye mwamphamvu chifukwa njere yong'aluka simera. Sungani pouma ndi pozizira, thumba litakhala pa thandala. Mu Novembala bzalani njere 100 m'beseni la mchenga wonyowa. Zikamera zosakwana 75 pakatha sabata, wonjezerani mbewu pobzala kapena mugule ina.

Njere yodya nayo ili ndi nkhani yake. Soya wosaphika ali ndi zinthu zimene zimatsekereza maenzayimu a m'mimba mwathu kugaya chakudya chomanga thupi, n'chifukwa chake amayenera kukazingidwa kapena kuwiritsidwa mokwanira asanapite kuchigayo, kaya ndi wa phala la ana kaya wa nkhuku. Fungo lija limene ana amakana limabwera njere zosweka zikakumana ndi madzi ozizira, pamene enzayimu ya lipoxygenase imadzuka. Thirani soya m'madzi owira kale, fungolo limachepa. Pokazinga khalani panja kapena pa khonde, pa mbaula yosunga nkhuni ngati Chitetezo, mwana wa kumbuyo ali kutali ndi utsi. Mapapo ake ndi osalimba kuposa tsamba la soya.

Zina sizingatheke ndi banja limodzi. Tsiku lotentha tchire, malo a mauvuni ndi chilango cha woyatsa moto mwachisawawa ndi nkhani za pabwalo, pamaso pa amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi. Nthawi yabwino yozikambira ndi Epulo kapena Meyi, moto usanayambe, osati munda wa wina utapsa kale mitima ili m'mwamba. Alimi a madimba apite ku bwaloko atadziwa masabata amene mbewu zawo zidzakhale pa maluwa, kuti apemphe chinthu chodziwika.

Ngati mwayang'ana zonse koma chimene chapsereza soya wanu sichikudziwikabe, kumbani mbewu yathunthu ndi mizu yake, ina yodwala ina yabwino. Kulungani mu nyuzipepala, osati mu pulasitiki yomanga ngati ulendo ndi wautali padzuwa, ndipo mufike nazo kwa alangizi tsiku lomwelo. Auzeni mtundu wa mbewu, tsiku lobzala, mbali ya munda imene inayamba, mankhwala alionse amene anapoperedwa m'munda mwanu kapena mwa oyandikana nawo, komanso ngati panali moto kapena uvuni pafupi m'masabata awiri apitawo. Zikawavuta, iwo ali ndi njira yotumizira zitsanzo kwa akatswiri a ku Bvumbwe kapena ku Chitedze.